Katsabola: Phunziro la Amayi ndi Abambo a ku Migodi

Pa miyezi ya chisanu, kuyambira May kufikira August, pamene mvula yaleka ndipo fumbi layamba kuuluka m'misewu ya Wusakile, Chamboli ndi Chimwemwe ku Kitwe, kapena ku Chifubu, Kabushi ndi Lubuto ku Ndola, amayi aziyang'anira khungu la ana ao. M'maiko otentha nthenda ya katsabola imakonda nyengo yozizira ndi youma. Ikalowa m'komboni siichedwa kufalikira, pakuti nyumba zili zoyandikana, ana anayi kapena asanu amafunda bulangete limodzi, ndipo m'mawa onsewo amapita kukakhala pa benchi limodzi ku sukulu.

Ana ambiri amachira bwino lomwe popanda mankhwala amphamvu. Komatu alipo ena amene katsabola angawaphe, ndiponso alipo ana amene amavulala ndi chithandizo cholakwika chimene makolo anawapatsa ndi mtima wabwino. Chifukwa chake kuyenera kuti tiidziwe bwino nthendayi.

Poyamba tisiyanitse katsabola ndi nthomba. Agogo athu ankaopa nthomba koposa, ndipo sanalakwe, pakuti inkapha anthu ambirimbiri, nisiya otsala ali ndi nkhope zokumbika, ena ali akhungu. Kalekale ngakhale madotolo a ku Ulaya ankaziyesa nthenda imodzi, kufikira William Heberden wa ku England anaonetsa m'chaka cha 1767 kuti ndi nthenda ziwiri. Nthomba inagonjetsedwa ndi katemera. Munthu wotsiriza kuitenga mwa njira ya chilengedwe anali wa ku Somalia m'chaka cha 1977, ndipo m'chaka cha 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti yatheratu pa dziko lonse lapansi. Tsono agogo akaona matuza pa thupi la mdzukulu nanena kuti nthomba yabweranso, muwakhazike mtima pansi mwaulemu.

Katsabola amadza ndi kachilombo kakang'onong'ono ka mtundu wa mavairasi, kamene madotolo amakatcha varicella-zoster. Thomas Weller wa ku America ndiye anakhoza kukalera m'nyumba yopimira zinthu m'zaka za m'ma 1950. Kachilomboka kamayenda mu mpweya pamene wodwala atsokomola kapena kuyetsemula, ndiponso kali m'madzi a m'matuza. Kakalowa m'thupi la mwana kamakhala chete masiku 10 kufikira 21, kawirikawiri masabata awiri, ndipo mwanayo amasewera ndi kudya monga mwa masiku onse. Pambuyo pake thupi limatentha pang'ono, mutu umawawa, chakudya sachifuna. Kenaka timawanga tofiira timatuluka pa chifuwa, pa msana, pa nkhope ndi m'tsitsi. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga, koma mukasisita ndi dzanja mudzamva tiziphuphu. Posakhalitsa tiziphuphuto timasanduka matuza okhala ndi madzi oyera monga dontho la mame, kenaka madziwo amachita mbuu, thuza limaphwa, nipauma nkhanambo.

Chizindikiro chimene mayi aliyense angazindikire nacho katsabola ndi ichi: matuza satuluka tsiku limodzi. Amatuluka magulumagulu kwa masiku atatu kapena asanu, kotero kuti pa msana umodzi mudzaona kawanga katsopano, thuza lodzala madzi, ndi nkhanambo youma, zonse pamodzi. Amachuluka pa thunthu la thupi, nachepa ku manja ndi ku miyendo. Mwana mmodzi angakhale ndi matuza 250 kufikira 500, ena m'kamwa, ena m'zikope ndi kumalo obisika.

Zilipo nthenda zina zimene anthu amazisokoneza ndi katsabola. Chikuku chimayamba ndi chimfine, chifuwa, maso ofiira ndi kutentha thupi kwakukulu, ndipo zotupa zake zilibe madzi. Chimenechi n'choopsa, ndipo katemera wake amaperekedwa ku sikelo mwana akakwanitsa miyezi 9 ndiponso miyezi 18. Mphere zimakonda pakati pa zala ndi m'chiuno, zimayabwa koposa usiku, ndipo sizitha popanda mankhwala opaka banja lonse. Palinso tinjerewere tosalala, tonyezimira, tokhala ndi kadzenje pakati, timene madotolo amati molluscum contagiosum. Timeneti sititenthetsa thupi, ndipo timatha tokha patapita miyezi, nthawi zina chaka ndi theka. Musatifinye. Koma tikachuluka pa nkhope ndi kukula kwambiri, mwanayo akayezedwe magazi. Ndipo popeza Copperbelt ili pa malire ndi Congo, tisaiwale mpox, imene inavuta kwambiri m'dziko limenelo m'chaka cha 2024, nipezekanso m'Zambia chaka chomwecho. Matuza ake ndi olimba, amatulukanso m'zikhatho ndi ku mapazi, ndipo wodwala amatupa mwanabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Mukaona zotere musayesere pa nyumba. Pitani ku kiliniki tsiku lomwelo.

Tsono tinene za kulera mwana wodwala katsabola. Palibe jakisoni amene amachiza katsabola wamba. Ichi amayi ambiri sachikonda kuchimva, ndipo ena amachoka ku kiliniki ali okhumudwa, namati anamwino sanawathandize chifukwa sanambaye mwana. Koma penisilini ndi makapisozi ena onse otere amapha tizilombo ta mtundu wina, ta mabakiteriya. Kachilombo ka katsabola sakakhudza konse. Amene amagula makapisozi pa msika, nawatsegula ndi kuthira ufa wake pa zilonda, angotaya ndalama zao. Thupi la mwana ndilo limagonjetsa kachilomboka, ndipo ntchito ya mayi ndiyo kulithandiza thupilo ndi kutchinjiriza khungu kuti lisalowe dothi.

Mdani wamkulu ndiye kukanda. Katsabola amayabwa kwambiri, ndipo mwana wa zaka ziwiri sangamve mau akuti usakande. Akakanda ndi zikhadabo zakuda, thuza limang'ambika, mabakiteriya amalowa, ndipo pamene pakadauma m'masiku ochepa pamasanduka chilonda cha mafinya chimene chidzasiya chipsera moyo wake wonse. Chifukwa chake muwenge zikhadabo zake tsiku loyamba lomwe, ndi kumsambitsa m'manja kawirikawiri. Khanda mungaliveke masokosi oyera m'manja pogona. Mumveke zovala zopepuka za thonje. Juzi la ubweya ndi mabulangete ambiri zimatulutsa thukuta, ndipo thukuta limaonjeza kuyabwa.

Alipo akuluakulu amene amati mwana wa zotupa asasambe kufikira zitauma, kuopa kuti nthenda ingabwerere m'kati. Mau amenewa ndi akale, ndipo onena ake amanena mwa chikondi, koma sali oona. Mwana asambe tsiku ndi tsiku m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosawawa. Musamkhule ndi mwala kapena chinkhupule. Mungothira madzi, ndipo pompukuta muzingogunditsa nsalu yoyera pa khungu. Nsaluyo ikhale yake yekha. Atauma, mumpake mankhwala a calamine, aja oyererako onga dothi la pinki, amene amapezeka m'masitolo a mankhwala, amaziziritsa khungu. Musawapake m'maso kapena m'kamwa. Phulusa, dothi, mafuta a galimoto ndi masamba osinja osadziwika bwino zisafike pa thuza lotseguka. Ngati kuyabwa kumletsa tulo, anamwino angampatse mankhwala akumwa ochepetsa kuyabwa monga Piriton, koma amenewa sapatsidwa kwa khanda losakwana chaka.

Za kutentha thupi, mverani bwino apa, pakuti ndipo pagona ngozi imene ambiri saidziwa. Mwana wa katsabola asamwe Aspirin ngakhale theka la piritsi. M'chaka cha 1963 dotolo wina wa ku Australia, Douglas Reye, analongosola nthenda imene imatupitsa ubongo ndi kuononga chiwindi cha ana, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti imagwira makamaka ana amene anamwa Aspirin ali ndi katsabola kapena fuluwenza. Siigwira ambiri, koma amene yawagwira ambiri amafa kapena kupunduka. Tsono mapiritsi ambiri a mutu amene amagulitsidwa awiriawiri pa kantemba ali ndi Aspirin m'kati mwake, ngakhale dzina la pa pepala ndi lina. Muwerenge timalemba tating'onoto, ndipo ngati simutha, musampatse. Brufen nayenso asiyidwe, chifukwa pa katsabola amayanjana ndi zilonda zoopsa zolowa m'kati mwa mnofu. Mankhwala oyenera ndi paracetamol, amene ambiri amamdziwa ndi dzina la Panadol, pa muyeso wa msinkhu wa mwanayo monga anamwino anena. Ndiponso kumbukirani kuti mwana angadwale nthenda ziwiri nthawi imodzi: kuno malungo sasowa, ndipo thupi likatentha kwambiri akayezedwe magazi pa chala ngakhale matuza alipo.

Matuza a m'kamwa amamletsa mwana kudya. Musamkakamize nsima yotentha ndi ndiwo za mchere wambiri. Phala losalala lozizira, nthochi, mbatata yofewa, mkaka ndi madzi owiritsa pafupipafupi, zimenezi zikwanira. Woyamwa ayamwebe, ndipo ayamwe koposa kale. Mwana amene sakodza tsiku lonse, milomo yake ili gwa, wayamba kuuma m'thupi.

Kodi ndi liti pamene mayi ayenera kusiya zonse ndi kunyamula mwana? Ngati khungu lozungulira thuza latupa, latentha, likuwawa, kapena likutuluka mafinya. Ngati thupi latentha masiku oposa anayi, kapena linazizira nkutenthanso. Ngati mwana apuma mofulumira ndi movutika, pakuti katsabola angabale chibayo. Ngati agona tulo tosadzutsika, asanza kosaleka, akomoka, khosi lauma, kapena ayenda dzandidzandi monga woledzera. Ngati matuza achita magazi kapena thuza lili pa diso penipeni. Yambani ku kiliniki ya m'komboni mwanu, ndipo iwo akaona kuti n'chachikulu adzakutumizani ku Kitwe Teaching Hospital, kapena ku Ndola ku Arthur Davison Children's Hospital, chimene ndi chipatala cha ana okhaokha. Pofika, muuze anamwino pa khomo pomwe kuti mwana ali ndi matuza, kuti asakukhazikeni pa mzere pakati pa amayi apakati ndi makanda.

Pakuti alipo anthu amene katsabola sawachitira chifundo. Oyamba ndi makanda obadwa kumene, makamaka ngati mayi anatuluka matuza m'masiku 5 asanachire kapena m'masiku 2 atachira. Ena ndi amayi apakati amene sanadwalepo katsabola: iwo eni angadwale chibayo choopsa, ndipo mimba ikakhala yaing'ono mwana wa m'mimba angavulale. Enanso ndi ana onyentchera, ana okhala ndi kachilombo ka HIV, ndi amene akumwa mankhwala a khansa kapena ena ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Kwa otere alipo mankhwala otchedwa acyclovir, amene amachepetsa mphamvu ya kachilomboka, koma amathandiza bwino akayambidwa m'maola 24 matuza atayamba kutuluka. Wotere asadikire kuti tione mawa. Ndipo pali chinthu china chokhudza ife a m'matauni: m'maiko otentha anthu ambiri a ku midzi amakula osadwalapo katsabola. Mtsikana wochokera ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, amene wabwera kudzalera ana a mlongo wake ku Kitwe, angaitenge kwa anawo, ndipo pa munthu wamkulu nthendayi imalemera koposa pa mwana. Mumfunse ngati anadwalapo musanampatse ntchito yosambitsa wodwala.

Za kupatula wodwala si zachilendo kwa owerenga Malembo. M'buku la Levitiko, mutu 13, wansembe ankayang'ana khungu la munthu, nampatula masiku 7 asanamuonenso. Mwana wa katsabola amapatsira anzake kuyambira tsiku limodzi kapena awiri matuza asanatuluke, kufikira thuza lotsiriza litauma nkhanambo, ndiko kuti masiku 5 kufikira 7 chiyambire matuza. Masiku amenewo asapite ku sukulu, ku Sande Sukulu, ku msika kapena m'minibasi. Mulungu sadzakwiya kuti mayi wajomba ku tchalitchi Sabata limodzi. Koma mayi wapakati wokhala pa benchi la kutsogolo angalire chifukwa cha kubwera kwanu. Anansi okonda kudzazonda odwala muwauze zoona ali pa khomo. M'nyumba momwemo n'kovuta kutchinjiriza abale ake, pakuti mwa ana 10 osadwalapo okhala ndi wodwala, pafupifupi 9 amaitenga, ndipo wachiwiri kudwala kawirikawiri amatuluka matuza ambiri kuposa woyamba. Muwerenge masabata awiri kapena atatu, muli ndi calamine m'nyumba.

Katemera wa katsabola alipo. Anampanga Michiaki Takahashi wa ku Japan m'chaka cha 1974, ndipo dziko la America linayamba kutemera ana ake m'chaka cha 1995. M'maiko ambiri a mu Africa sali pa mndandanda wa katemera wa ku sikelo, kotero khadi la mwana lingakhale lodzala bwino, iye nkudwalabe katsabola. Mayi asayese kuti katemera wa chikuku walephera.

Amene wadwala kamodzi kawirikawiri sadwalanso. Koma kachilomboka sikachoka m'thupi. Kamabisala m'mitsempha pafupi ndi fupa la msana, ndipo patapita zaka zambiri, munthu akakalamba kapena thupi likafooka, kamadzuka ndi kutulutsa matuza owawa ngati moto mbali imodzi ya thupi, monga lamba. Amenewa ndiwo mashingozi. Madzi a m'matuza a mashingozi angapatse katsabola kwa mwana amene sanadwalepo. Tsono agogo akadwala mashingozi aphimbe matuzawo ndi nsalu yoyera, ndipo asabereke khanda kufikira atauma.