MPHATSO ZA MITENGO YA MIOMBO

Kasisi ndi malo a m'boma la Chongwe, kum'mawa cakumpoto kwa mzinda wa Lusaka, pafupi ndi mtsinje wa Ngwerere. Pamenepo Bambo Jules Torrend anayamba misyoni m'caka ca 1905. Lero minda ndi nyumba zatenga malo aakulu, koma pa zitunda za Chongwe thengo likalipo ndithu.

Munthu akalowa m'thengo lotere aona mitengo ya mitundu yambiri, koma akakweza maso apeza kuti mitundu yowerengeka yokha ndiyo yaphimba inzace. Mitengoyo ndiyo mombo, muputu, mtondo ndi abale ao, ndipo cifukwa ca iyo thengo lonse lichedwa miombo. Yonseyi ibala zipatso zonga nyemba zimene zithetheka dzuwa likatentha. M'mwezi wa Seputembala, mvula isanagwe, iphuka masamba ofiira okongola. Miombo yaphimba mbali yaikulu ya Zambia, ndiponso ipezeka ku Malawi, Mozambique, Tanzania, Angola ndi Zimbabwe. Ngakhale m'nkhalango za ku Ituri m'dziko la Congo, kumene mvula igwa pafupifupi caka conse, muli mbale wa mombo wochedwa limbali, amene walanda malo ena yekha.

Nanga mitengo iyi ipambana inzace bwanji? Nthaka ya miombo njosauka, koma mizu ya mitengoyi ipalana ubwenzi ndi bowa. Timizu ta bowa, toonda koposa ulusi, tikulunga mizu ya mtengo ndi kuubweretsera madzi ndi cakudya ca m'nthaka. Mtengonso upatsa bowa cakudya cimene masamba ace apanga padzuwa. Ndico cifukwa cace amai akafuna tente pa dzinja apita m'miombo, osati m'munda.

Tsono mitengo iri pa cibale, koma mphatso zace zisiyana monga mwa mvula ndi nthaka ya dziko lace. Ku Mwinilunga kugwa mvula yokwana ngati mamilimita 1,400 pa caka. Madziwo akadaima osalowa pansi akadafika m'khosi mwa mwana wamkulu wa sukulu. Kumeneko mitengo italika kupitirira mamita 15, nthambi zace nkukomana kumwamba. Maluwa acuruka, njuci zicuruka, ndipo anthu a ku Mwinilunga ndi Kabompo apacika ming'oma ya makungwa natenga uci umene ugulitsidwa kufikira ku Ulaya. Ku Serenje ndi Mpika masamba a mtondo adyetsa finkubala, ndiwo zokoma zopatsa mphamvu. Koma mvula yambiri itsuka nthaka ndi kuisasitsa. Cifukwa cace Abemba anazolowera citemene, ndiko kusadza nthambi, kuziunjika ndi kuzitentha, kuti phulusa likonze nthaka ya mawere.

Ku cigwa ca Luangwa zinthu ziri mwina. Kumeneko kutentha kwambiri, ndipo nthaka yace ndi dongo lolimba limene lisunga madzi pamwamba pa dzinja ndi kung'ambika pa cilimwe. Mombo sukonda nthaka yotere; mfumu ya kumeneko ndi tsanya. Mtengo wa tsanya ngwolimba, ciswe siciudya msanga, motero upatsa anthu nsici zokhalitsa, ndi masamba ace adyetsa njobvu.

Ku Kasisi mvula igwa kuyambira Novembala kufikira Malici, ndipo ikwana ngati mamilimita 800, ndiwo madzi ofika m'ciuno mwa mwana yemwe uja. Miyezi yotsalayo kuli gwa. Pa zitunda nthaka njosaya, ya mcenga ndi miyala. Cotero mitengo ikhala yaifupi, yotalikirana, ndipo ikula pang'onopang'ono. Komabe mphatso zace sizicepa. Khungwa la mombo lipatsa luzi lomangira madenga. Pakati pa miombo pamera misuku, ndi ana atola masuku mvula ikayandikira. Koposa zonse, mizu igwira nthaka, ndipo masamba ogwa aletsa madzi kuthamanga, kuti alowe pansi ndi kuturuka bwinobwino m'madambo ndi m'mitsinje pa cilimwe.

Apa mpamene pali bvuto. Lusaka ali pafupi, ndipo mabanja ambiri a m'mzindamo aphikira makala. Tsiku ndi tsiku njinga ndi magalimoto zinyamula matumba a makala kucokera ku Chongwe. M'caka ca 2024 kunagwa cilala, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi nasowa, ndipo ofuna makala anacuruka koposa. Woocha makala sacita dala. Afuna cakudya ndi ndalama za sukulu za ana ace. Koma mtengo umene nkhwangwa igwetsa m'mawa umodzi ufuna zaka makumi angapo kuti ubwerere m'dziko la mvula yocepa. Ukagwa, bowa aleka kumera, nthaka yosaya ija ikokoloka, natsala miyala. Akulu anati, "Madzi akatayika saoleka."

Mwai ulipo umodzi: citsa ca mombo sicifa msanga. Cikasiyidwa ciphukanso, cifukwa mizu yace ikali yamoyo. Mdani wa mphukirazo ndi moto wa m'mwezi wa Okutobala, pamene udzu wauma kotheratu. Anthu anzeru atentha chire msanga, nyengo ya cisanu itangoyamba, moto ukali wofatsa. Ndiponso pa sukulu ya ulimi ya Kasisi Agricultural Training Centre, imene Ajezuwiti anatsegula m'caka ca 1974, alimi aphunzira kubzala m'minda mwao mitengo yokonza nthaka, kuti munda umodzi ubale zaka zambiri popanda kuswa mphanje m'thengo.

Mwana wodziwa mvula ndi nthaka ya kwao adziwanso cimene thengo la kwao likhoza kupatsa, ndi cimene silikhoza kubweza.

MAFUNSO

1. Chulani mitengo itatu imene ilamulira m'thengo la miombo.
2. Cifukwa ninji tente amera m'miombo, osati m'munda?
3. Fotokozani kusiyana kwa miombo ya ku Mwinilunga ndi ya ku Kasisi.
4. Kodi tsanya akonda nthaka yotani?
5. Funsani akulu a kwanu maina a mitengo isanu ya m'thengo, ndipo lembani nchito ya mtengo uliwonse.