Moto wa Matayala ndi Nsomba Zathu

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wowamba nsomba ku Mbamba Bay. Akuti: "Nkhuni zakwera mtengo. Mwana wanga akuti ku Ulaya amawotcha matayala ndi mapulasitiki kuti apeze moto. Kodi nanenso ndingawambire utaka ndi matayala akutha kapena zidutswa za ukonde?"

Katswiri: Mayi, mwana wanuyo sananame. Ku Germany mafakitale a simenti amapeza kutentha koposa theka kuchokera ku zinyalala zotere, ndipo ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, ng'anjo ya Amager Bakke yomwe inatsegulidwa mu 2017 imawotcha zinyalala n'kutenthetsa madzi opita m'nyumba za anthu. Koma moto wake si wa pamafuwa ayi. Lamulo la kumeneko limati utsi ukhale pa madigiri 850 kwa masekondi awiri, kenako usefedwe usanatuluke. Mu ng'anjo ya simenti kutentha kumafika madigiri 1,450.

Moto wa pagombe sufika pamenepo. Tayala limangonyeka, utsi wakuda bii uli tolotolo, ndipo mwaye wake umamatirira pa mafuta a nsomba. M'mwayemo muli poizoni woyambitsa khansa. Woyamba kuupuma ndinu, pamodzi ndi khanda ngati mwalibereka kumbuyo, ndipo wotsatira ndi wogula ku Mbinga kapena ku Songea. Chonde mayi anga, tayala, ukonde wa nayiloni ndi oyilo wakutha wa injini ya boti zisayandikire nsomba. Mangani uvuni wotseka m'mbali, wa mathireyi osanjikiza. Sudya nkhuni zambiri.

Wowulutsa: Bambo wina wa ku Lituhi akufunsa za fumbi la malasha a ku Ngaka, omwe amadutsa padoko la Ndumbi. Kodi angaphikire?

Katswiri: Bambo, apa pali njira. Fumbilo limaumbidwa n'kukhala timibulu tophikira, monga Rafiki Briquettes a kampani ya boma ya STAMICO. Koma malasha otola m'mbali mwa msewu ali ndi salufa, yemwe amatsamwitsa ndi kupweteka chifuwa. Gulani okonzedwa kale, mbaula muyike panja kapena pakhonde podutsa mphepo, ndipo musagone nayo m'chipinda ngakhale kuzizire bwanji mu Juni. Mpweya wake sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo.