Mwayamba Ntchito Yothandizira ku Chipatala cha Maso? Yambirani Apa

Madokotala a maso ndi ochepa m'dziko muno, pomwe odwala ndi ambiri. Kaya ndi ku Nkhoma, ku Lions ya ku Queen Elizabeth mu Blantyre, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, wodwala asanakhale pampando wa dokotala amayamba wadutsa m'manja mwa wothandizira. Zomwe inu mwaona ndi kulemba m'buku lake la kuchipatala ndi zomwe dokotala amayambirapo. Mukalemba zolakwika, nayenso ayambira polakwika.

Mukafika m'mawa, konzani malo odwala asanalowe. Pukutani mpando, chogwirizira chibwano ndi chipumi pa makina oyezera maso, ndi chotsekera diso. Onani ngati tochi ikuyaka, ngati thonje, sopo ndi madzi zilipo, ndipo werengani madeti pa mabotolo a mankhwala. Botolo lililonse lomwe mwatsegula mulilembe tsiku. Sambani m'manja mukamaliza ndi wodwala aliyense, ngakhale mzere utalike bwanji. Amene anagwira ntchito m'chaka cha 2024, nthenda ya maso ofiira itabuka ku Karonga n'kufalikira m'maboma ena, akudziwa momwe dzanja limodzi losasamba lingapatsire benchi yonse.

Kenaka tulukani mukayende pamzere. Musadikire kuti anthu abwere mmodzimmodzi monga anafikira, chifukwa ena sayenera kudikira n'komwe. Munthu amene wathiridwa laimu, simenti, asidi wa mubatire kapena mankhwala opopera m'munda, musamufunse buku kapena dzina. Mugonekeni chammbali, mutsegule zikope ndi zala zanu, muthire madzi a diripi kapena madzi aukhondo aliwonse omwe ali pafupi kwa mphindi zosachepera 20, wina akukaitana dokotala. Laimu ndi simenti zimapitiriza kudya diso mkati ngakhale kunja kukuoneka ngati kwayera. Amene wabayidwa ndi waya, msomali kapena kamtengo ndi wosiyana: musatsuke, musadonthezemo kanthu, musazule chomwe chalowamo, ndipo musamange ndi thonje lopanikiza. Vindikirani diso ndi chotchinga cholimba chomwe sichikhudza disolo, mumuuze asadye kanthu poti mwina apita ku opareshoni. Khanda la masiku ochepa lomwe zikope zatupa ndipo zikutuluka mafinya, mwana amene mwana wa diso lake akuoneka woyera, munthu amene wasiya kuona mwadzidzidzi, ndi amene diso lafiira n'kumapweteka mpaka kusanza, onsewa apite kutsogolo. Ena pamzere adzadandaula. Afotokozereni mwaulemu, koma musabwerere m'mbuyo.

Ntchito yomwe mudzaigwire kwambiri ndi kuyeza momwe munthu akuonera, ndipo apa m'pomwe ambiri amafulumira mosayenera. Tchati chikhale pa mamita 6 kuchokera pomwe wodwala waima, pamalo owala bwino. Yezani mtundawo ndi tepi kamodzi, mulembe mzere pansi ndi penti, musamangoyerekeza ndi mapazi. Yambani ndi diso lamanja nthawi zonse, kuti musadzasokoneze polemba. Diso linalo alitseke ndi chikhatho osati zala, chifukwa pakati pa zala munthu amasuzumira, ndipo asalipanikize. Agogo ambiri sawerenga zilembo, choncho gwiritsani ntchito tchati cha chilembo E. Musanawaimike kutali, asonyezeni pafupi: “Agogo, miyendo itatu iyi yaloza kuti? Ndilozereni ndi dzanja.” Akamvetsa m'pamene muyambe.

Lembani mzere womaliza womwe awerenga bwino. Mukalemba 6/18, ndiye kuti akuona pa mamita 6 chomwe diso labwino limaona pa mamita 18. Akalephera chilembo chachikulu cha pamwamba, cha 6/60, asendezeni pa mamita 3. Akalepheranso, awerengetseni zala zanu, kenaka gwedezani dzanja patsogolo pawo, ndipo pomaliza awalitsireni tochi muwafunse ngati akuona kuwala. Kusiyana kwa diso loona kuwala ndi losaona n'komwe n'kwakukulu: loyambalo ngati lili ndi ng'ala lingathe kuonanso likachitidwa opareshoni, pomwe lachiwirilo kawirikawiri opareshoni silithandiza. Amene sanafike pa 6/6 muwayezenso akuyang'anira pa kabowo kakang'ono kotchedwa pinhole. Akaona bwino pa kabowoko, vuto lawo mwina ndi longofunika magalasi.

Chinthu chimodzi ndikupemphani: musawathandize kuyankha. Mtima umafuna kuwanong'oneza agogo akamavutika, ndipo mdzukulu amene wawaperekeza amachita kuwakodola. Muimikeni kumbuyo. Nambala yokometsera ingachititse kuti munthu wofunika opareshoni abwezedwe kumudzi.

Pofunsa mbiri, musathere pa diso. Funsani ngati ali ndi shuga kapena BP, poti matenda awiriwa amawononga diso kumbuyo kwake munthu asakumva ululu. Funsani ngati m'banja mwawo muli amene anachita khungu, chifukwa nthenda ya maso yotchedwa glaucoma imayenda m'magazi ndipo zomwe yawononga sizibwerera. Funsaninso chomwe athiramo kale. Ambiri amakhala atayesa madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, kapena mankhwala otsala a mnansi. Mukafunsa mokalipa adzakana, ndipo dokotala sadzadziwa chifukwa chomwe chilonda chakulira. Nenani modekha kuti, “Mayi, tisanayambe, kunyumba munathirako chiyani kuti ululu uchepe?” Akakuuzani, lembani, ndipo malangizo muwapatse pambuyo pake.

Kudontheza mankhwala kuli ndi njira yake. Onetsetsani dzina la wodwala, dzina la mankhwala ndi diso lomwe dokotala walemba. Wodwala ayang'ane kumwamba, inu mukokere chikope chapansi pang'ono, mudontheze dontho limodzi m'kathumba komwe kapangikako. Kamwa la botolo lisakhudze diso kapena nsidze. Atseke diso, agwire pakona ya kumphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ngati mankhwala ndi amitundu iwiri, papite mphindi 5 pakati pake, ndipo opaka akhale omaliza. Mankhwala okulitsa mwana wa diso amachititsa munthu kuona mwachimbuuzi ndi kuthobwa ndi dzuwa kwa maola angapo. Muuzeni zimenezi musanadontheze, makamaka ngati wabwera pa njinga yamoto kapena akuyendetsa galimoto.

Poyenda ndi munthu wosaona, musamukoke dzanja kapena kumukankha kumsana. Dzitchuleni dzina, mumulole agwire mkono wanu pamwamba pa chigongono, muyende patsogolo pake pang'ono. Nenani pomwe pali sitepe kapena chitseko. Pomukhazika, ikani dzanja lake pa mpando akhale yekha. Ndipo lankhulani ndi iyeyo, osati ndi womuperekeza yekha. Maso ndiwo adwala, makutu ndi nzeru zili bwinobwino.

Anthu adzayamba kukutchulani adokotala, ndipo kumudzi adzakupemphani kuti muwapezere “timankhwala ta m'maso”. Kanani. Mankhwala ena a m'gulu la steroid amayeretsa diso lofiira msanga, koma pa diso la chilonda amachikulitsa mpaka diso kuphulika. Ngati mukufuna kufika polemba mankhwala kapena magalasi, sukulu zilipo: Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa za maso, ndipo Mzuzu University ili ndi maphunziro a optometry.

Wodwala wa ng'ala akamatuluka pambuyo pa opareshoni, khalani naye pansi pamodzi ndi womuyang'anira. Asatikite diso, asalowetsemo madzi akuda posamba, apewe utsi ndi fumbi, ndipo asanyamule katundu wolemera mpaka dokotala atamulola. Womuyang'anirayo adontheze mankhwala inu mukuona, kuti mutsimikize kuti wadziwa. Auzeni kuti diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira, kutuluka mafinya kapena kuchita mdima, abwere tsiku lomwelo osadikira tsiku lomwe anapatsidwa. Tsiku lobweranso mulilembe m'buku ndi zilembo zazikulu, mulitchulenso pakamwa, ndipo muwafunse alibwereze asananyamuke.