Mwana Wochedwa Kulankhula: Phunziro la Makolo a ku Nambuma pa za Otizimu

M'midzi ya ku Nambuma, monganso ku Kabudula, ku Nsaru ndi ku Mpingu, mumapezeka ana ena amene amafika zaka 3 asanayambe kulankhula. Mwana wotere akamuitana satembenuka, chonsecho galimoto ikamadutsa patali amaimva. Anzake akamasewera masanje iye amakhala payekha, kundandalika zitsononkho kapena kuzunguza chivundikiro cha poto tsiku lonse. Anthu ena amati walodzedwa, ena amati bambo wake wamukhwimira kuti fodya achite bwino. Mawu otere apasula mabanja, ndipo ana ena atsekeredwa m'nyumba chifukwa cha manyazi. Madokotala ali nalo dzina la vuto limeneli: amalitcha otizimu.

KODI OTIZIMU NCHIYANI?

Otizimu ndiko kukula kwa ubongo mosiyana ndi ana ena, kotero kuti mwana amavutika kulankhula ndi kumvana ndi anthu. Si misala ayi, ndiponso sapatsirana. Dokotala wina, dzina lake Leo Kanner, wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku America, ndiye anafotokoza bwino za vutoli m'chaka cha 1943, atapima ana 11. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linanena m'chaka cha 2022 kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi otizimu. Anyamata ndiwo amapezeka nawo kwambiri kuposa atsikana. Ana otere alipo m'maiko onse, kwa olemera ndi kwa osauka komwe.

Mwana amabadwa nawo, ndipo mbali yaikulu imayenda m'magazi a kumtundu, kwa mayi kapena kwa bambo. Kale madokotala ena ankanena kuti cholakwa nchamayi wosakonda mwana wake, koma zimenezo zinapezeka kuti nzabodza. Chifukwa chake mwamuna asasiye mkazi wake pa nkhani imeneyi, ndipo ankhoswe ndi atsibweni a mwanayo ayenera kukana milandu yotere. Anthu akumbukirenso kuti lamulo la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Palinso mphekesera yakuti katemera wa chikuku ndiye amayambitsa otizimu. Inachokera kwa dokotala wa ku England, Andrew Wakefield, m'chaka cha 1998. Zolemba zake zinapezeka kuti nzachinyengo, ndipo mu 2010 anamchotsa pa kaundula wa madokotala. Chaka chomwecho chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 muno m'Malawi, ndipo ambiri a iwo anali ana. Mwana wa otizimu alandire katemera yense monga anzake.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Makolo ayang'ane zinthu izi:

1. Pa miyezi 12 mwana satembenuka akamtchula dzina, saloza chinthu ndi chala, ndipo sakonda kuyang'ana mayi wake m'maso.

2. Pa miyezi 16 sananenepo mawu ngakhale amodzi, ndipo pa zaka 2 salumikiza mawu awiri, monga "amama madzi".

3. Anayamba kulankhula, koma mawu aja atha.

4. Amabwereza chinthu chimodzimodzi: kukupiza manja, kudzigwedeza, kuyenda chonyang'ama, kapena kubwereza mawu amene wina wanena.

5. Amalira kwambiri zinthu zikasintha, kapena amatseka makutu akamva chigayo, ng'oma kapena phokoso la pamsika.

Chizindikiro chimodzi chokha sichikwanira. Mwana wogontha, kapena amene anadwala malungo aakulu okomoka nawo, amathanso kuchedwa kulankhula. Tsono mayi anene zimene waona kwa mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la sikelo, kapena ku chipatala cha ku Nambuma, cha ku Kabudula, ngakhale cha St Gabriel's ku Namitete. Akumeneko akaona kuti nkofunika adzalemba kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwanayo ayezedwenso makutu. A St John of God, amene ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, nawonso amathandiza pa mavuto a ubongo. Popita asaiwale kabuku ka kuchipatala. Makolo asadikire kuti mwana adzalankhula yekha akadzakula, pakuti mmera mpoyamba.

ZA CHAKUDYA

Apa ndi pamene amayi ambiri amathedwa nzeru. Mwana wa otizimu kawirikawiri amasankha zakudya. Wina amadya nsima yokha yopanda ndiwo, wina phala lokha, wina amafuna mandasi basi. Si mwano ayi. Fungo, maonekedwe ndi kakhalidwe ka chakudya m'kamwa zimamufika mwamphamvu kuposa mmene zimafikira anthu ena. Therere lotelera kapena minga ya usipa zikhoza kumunyansa ndithu. Kummenya kapena kummwetsa phala mokakamiza kumangowonjezera mantha, ndipo akhoza kutsamwa.

Komabe thupi lake likufuna magulu onse 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Njira yake ndi iyi. Mayi ayambire pa chimene mwana amadya kale. Ngati ndi phala, likhale la mgaiwa, ndipo athiremo nsinjiro pang'ono kwambiri, kuti kukoma kusasinthe msanga. Pakapita masiku awonjezere. Pambuyo pake angathiremo ufa wa soya, dzira, usipa wosinja kapena masamba ouma osinja, chimodzichimodzi. Chakudya chatsopano, monga nthochi, papaya kapena mbatata yofiira m'kati, achiike pambali pa mbale, kachidutswa kakang'ono. Mwana akangochigwira kapena kuchinunkhiza, amuyamikire. Angachikane kakhumi kapena kuposa apo asanachilawe, koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwanayo akhale ndi mbale yakeyake, adyere malo amodzimodzi ndi nthawi imodzimodzi. Akamadyera m'mbale imodzi ndi anzake amatsala ndi njala, ndipo palibe amadziwa. Zakumwa za shuga ndi tokometsera ta m'mapepala timatseka chilakolako cha chakudya. Zisaperekedwe nthawi ya kudya itayandikira.

Palibe chakudya, muzu kapena mankhwala ochiza otizimu. Kunja ena amati kusiya tirigu ndi mkaka kumachiza, koma madokotala sanapeze umboni wokwanira. Ana a kumudzi kuno amakulira nsima ya chimanga, imene ilibe tirigu, koma otizimu ulipo. Mwana wosankha zakudya asamanidwenso zochepa zimene amadyazo, ndipo banja lisagulitse mbuzi kapena chimanga cha m'nkhokwe polipira munthu wolonjeza machiritso. Mwana apite ku sikelo mpaka zaka 5, alandire vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Akaonda kapena kutupa mapazi, achipatala adzamuyeza ndi kumpatsa chiponde ngati nkoyenera.

MATENDA NDI NGOZI

Mwana wosalankhula sanena pamene pakupweteka. Akayamba kulira kosaleka, kudziluma kapena kudzimenyetsa mutu, mayi aone ngati thupi latentha, ngati dzino labooka, ngati khutu likutuluka mafinya, kapena ngati wakhala masiku osachita chimbudzi. Kudzimbidwa nkofala mwa ana otere. Madzi akumwa ambiri, zipatso ndi mgaiwa zimathandiza. Ena amadya dothi kapena makala, ndipo achipatala ayenera kuona ngati magazi sanachepe.

Ena mwa ana amenewa amadwalanso khunyu. Akagwa, amugoneke chammbali kutali ndi moto ndi madzi, asamuike kanthu m'kamwa. Khunyu sapatsirana, ndipo mankhwala ake alipo ku chipatala. Amwedwe tsiku ndi tsiku osadumphitsa.

Ngozi yaikulu ndiyo kusochera. Ana otere amachoka mwakachetechete, ndipo ambiri amakonda madzi. Zitsime za kudimba zivundikiridwe, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene akulu onse ali kumunda. Feteleza, palafini ndi mankhwala a fodya zikhale pamwamba. Nyakwawa ndi anansi adziwitsidwe, kuti aliyense womuona panjira amubweze kwawo. Kummanga chingwe kapena kumtsekera m'nyumba yekha ndi nkhanza, ndipo lamulo la m'chaka cha 2010 loteteza ana limaletsa nkhanza kwa mwana aliyense.

KUPHUNZITSA MWANA PAKHOMO

Mphunzitsi woyamba ndiye kholo. Polankhula naye, agwade kuti nkhope zilingane, anene mawu ochepa, namuonetsa chinthucho: "Kapu. Madzi." Kenaka adikire. Mwana akaloza kapena kukoka dzanja, kumeneko nkulankhula komwe, ndipo ayankhidwe. Ntchito monga kusamba m'manja ndi kuvala ziphunzitsidwe pang'onopang'ono, mbali imodzi pa nthawi. Tsiku liziyenda mofanana: kudzuka, kusamba, kudya, kusewera, kugona. Akakwiya, amutengere pamalo a zii mpaka mtima utsike.

Ena mwa anawa amadzalankhula bwino ndi kuphunzira mpaka patali. Ena amafuna thandizo moyo wawo wonse. Onsewo amatha kuphunzira kanthu. Mwana apite ku sukulu ya mkombaphala ndi ku pulayimale, imene yakhala yaulere kuyambira mu 1994. Ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu kumaphunzitsidwa aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera, ndipo makolo afunse kwa mphunzitsi wamkulu kumene mphunzitsi wotere ali pafupi.

Ntchito imeneyi njolemetsa kwa mayi mmodzi. Bambo, agogo ndi amayi a mumpingo azimulandirako, kuti naye apume ndi kupita kumunda. Tsiku la 2 April chaka chilichonse ndilo linaikidwa ndi bungwe la United Nations mu 2007 kuti anthu azikumbukira za otizimu. Mafumu a ku Nambuma angachite bwino kuitana mlangizi wa zaumoyo pa tsikulo, kuti afotokoze nkhani imeneyi pabwalo, anthu onse akumva.