MAGANIZO OBWERABWERA OSOŴETSA MTENDERE

Amayi, kusikelo timakuphunzitsani kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana theŵera, ndiponso musanakonze chakudya. Umenewu ndi ukhondo woyenera. Koma pali amayi ena amene amasamba kambirimbiri mpaka khungu kung'ambika, mtima osakhazikikabe. Otereŵa akhoza kukhala ndi matenda amene madokotala amawatchula kuti OCD.

Zizindikiro zake

Matendaŵa ali ndi mbali ziŵiri. Yoyamba ndi maganizo oopsa amene amabwera okha: kuti mwana wadya zauve, kuti waleka kupuma, kapena kuti inu mwini mumgwetsera pamoto. Yachiŵiri ndi zochita zobwerezabwereza pofuna kuchotsa manthawo, monga kutsukanso kapu yotsuka kale, kapena kudzutsa mwana usiku wonse kuti muone ngati ali moyo. Mtima umakhala pansi kanthaŵi kochepa, kenaka mantha amabweranso, ndipo chizoloŵezicho chimakulirakulira.

Maganizo otere amafikira amayi ambiri ongobereka kumene, nkutha okha. Amakhala matenda akamakudyerani nthaŵi yoposa ola limodzi pa tsiku, kapena akamakulepheretsani ntchito zapakhomo. Mwa anthu 100 alionse, mmodzi kapena aŵiri amadwala matendaŵa, ndipo kwa amayi ena amayamba ali ndi pakati kapena atangochira.

Dziŵani ichi: si kulodzedwa ayi, ndiponso si chizindikiro chakuti mumadana ndi mwana wanu. Ganizolo limakuopsani chifukwa ndi losemphana ndi zimene mtima wanu ukufuna.

Zoyenera kuchita

1. Musabise. Fotokozerani anamwino kapena alangizi a zaumoyo kusikelo. Iwo adzakutumizani kwa oona za matenda a maganizo kuchipatala cha boma.
2. Chithandizo chilipo. Wodwala amaphunzitsidwa kupirira mantha pang'onopang'ono osabwereza zochita zija, kufikira manthawo atafooka.
3. Ena amapatsidwanso mankhwala, monga fluoxetine. Kusintha kwenikweni kumaoneka pakapita masabata 8 mpaka 12, choncho musaleke kumwa msanga. Uzani adokotala ngati mukuyamwitsa kapena muli ndi pakati.
4. Abambo ndi apongozi asamanyoze wodwala, koma amuperekeze kuchipatala.

Chenjezo: mayi akamamva mawu amene ena sakuwamva, akasokonezeka mutu, kapena akamafuna kudzipweteka kapena kupweteka mwana, amenewo ndi mavuto ena oopsa. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha ndi mwana.

Mwana amakula bwino mayi wake akakhala ndi mtendere mumtima.