Fizi kapena mpamba: yankho kwa wopanga chiponde wa ku Mchinji

Mkangano woti kaya malonda amaphunziridwa m'kalasi kapena pamsika umafika povuta pamene banja lili ndi ndalama imodzi yokha, imene iyenera kukhala fizi ya ku yunivesite kapena mpamba, ndiko kuti ndalama yoyambira ndi kukulitsira geni. Mkangano umenewu ndi umene wabweretsa kalata ya mtsikana wa ku Mchinji, yemwe wakhala akupanga chiponde chimalizireni Fomu 4, ndipo tsopano wapeza malo ophunzira zamalonda ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, sukulu imene inkadziwika kuti Polytechnic isanaime payokha mu 2021. Bambo ake akuti ndalama ya fodya ya chaka chino igulire makina opera mtedza, popeza anthu amene amanga nyumba zamalata ndi geni pa Kamwendo sanapondepo pakhomo la yunivesite, ndipo mtsikanayu akuti tulo tamuthawa chifukwa akuopa kuti kuumirira sukulu kuoneka ngati mwano.

Bambowo sakulakwa kwenikweni, chifukwa digiri sibweretsa makasitomala, ndiponso banki ikafuna chikole, chimene ndi katundu amene wobwereka amapereka kuti alandidwe akalephera kubweza ngongole, satifiketi silowa m'malo mwa nyumba kapena malo. Kulimba mtima koima padzuwa ndi lilime lonenerera mitengo, mtsikanayu wazipeza kale pamsika, ndipo palibe mphunzitsi amene akanamupatsa.

Komabe chimene kalatayi ikuulula mosazindikira ndi chakuti mwini wake sadziwa ngati geni yake ikupindula, pakuti akuti chiponde chimatha msanga koma ndalama sizioneka. Apa ndi pamene maphunziro a zamalonda amaonetsa phindu lake, chifukwa amaphunzitsa kusiyanitsa phindu ndi ndalama yomwe ili m'manja, zinthu ziwiri zimene zimafanana pamaso koma zimasiyana ngati mchere ndi shuga. Phindu ndi chotsala atachotsera mtengo wa mtedza, mabotolo, magetsi, thiransipoti ndi malipiro a mwini geni, amene ambiri amaiwala kudzilipira ngati kuti thukuta lawo ndi laulere, pamene ndalama ya m'manja ikhoza kuchuluka lero chabe chifukwa mtedza wa mawa sunagulidwe. Mtedza umatsika mtengo nthawi yokolola n'kukwera m'miyezi ya dzinja, motero wopanga chiponde amene sawerengera kugula wambiri ukatchipa amadzagwira ntchito miyezi ingapo popanda chopeza. Kugwa kwa kwacha kunaonetsa phunziro lomweli mowawa: ndalamayi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wamalonda amene ankaika mtengo potengera momwe anagulira katundu wakale ankatha kugulitsa zonse, n'kupeza kuti ndalama yake sikukwananso kuoda katundu wochuluka chomwecho. Pamsika munthu amaphunzira zimenezi mpamba utatha, pamene m'kalasi amaziphunzira papepala, ndipo kulakwa kwa papepala kumakonzedwa ndi cholembera.

Zina zimene mtsikanayu wafunsa sizilira digiri konse. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma, kutenga nambala ya msonkho ku MRA, ndi kuyezetsa chiponde ku Malawi Bureau of Standards kuti chitsimikizike kuti chilibe poizoni wochokera ku chuku, ndi njira zimene aliyense angatsate, ndipo popanda chizindikiro cha bungwe lomalizali masitolo akuluakulu salandira chakudya chotere.

Uphungu wa tsamba lino ndi wakuti malo a ku MUBAS asatayidwe, koma geni isatsekedwenso, chifukwa wophunzira zamalonda amene alibe malonda amangoloweza mawu n'kudzatuluka ndi pulani ya bizinesi imene amayenda nayo m'maofesi pofunafuna ntchito. Mchemwali kapena mayi ake angapitirize kupanga chiponde kumudzi, iye n'kumagulitsa kwa ophunzira anzake ku Blantyre, kwinaku akufunsira ngongole ya fizi ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, kuti ndalama ya fodya isalowe yonse mbali imodzi. Katapila, amene chiwongoladzanja chake chimaposa phindu la geni iliyonse yoona, asayesedwe n'komwe.

Ponena za bambowo, nkhani yotere siyambidwa iwo ali pakati pa anzawo kapena atangochokera kumunda. Mtsikanayu ayambe wafotokozera malume ake, amene mawu awo amamveka pabanja, kenaka atenge kope lolembamo zogula ndi zogulitsa za miyezi itatu, akhale pansi pamodzi ndi akuluakulu awiriwa, awerengere limodzi kuti botolo limodzi la chiponde limasiya ndalama zingati ndiponso kuti makinawo angadzibweze patatha miyezi ingati.