Kodi mafuta a msatsimanga angayendetse chigayo?

Funso: Bambo wina wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu, yemwe ali ndi chigayo cha dizilo, akufunsa ngati mafuta a msatsimanga, mtengo umene kampani ya BERL inkalimbikitsa alimi kubzala, angayendetse injini yawo. Nanga akatswiri amadziwa bwanji kuti mafutawo ndi abwino?

Yankho: Angayendetse ndithu, koma akangofinyidwa amakhala olimba kwambiri, motero amaphikidwa ndi methanol kuti asanduke biodiesel. Ngati m'mafutamo muli ma fatty acid ambiri oyenda paokha, mumatuluka sopo.

Pofuna kudziwa ngati mafutawo ndi abwino, makina oyezera otchedwa NMR amathandiza. Njirayi anaitulukira Felix Bloch ndi Edward Purcell, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1952. Timadontho ta mafuta amatiika m'kabotolo kowonda ngati pensulo, pakati pa maginito wamphamvu. Mafunde a wailesi akawomba, haidrojeni wa m'mafutamo amayankha malinga ndi malo amene wakhala, ndipo kompyuta imajambula timapiri pa mzere wa muyeso wotchedwa ppm. Kaphiri ka pa 3.7 ppm kamasonyeza kuti biodiesel wapangikadi. Ka pa 5.3 ppm kamaulula oleic ndi linoleic acid, zomwe ndi zochuluka mu msatsimanga.

Kwa bambowa nkhani yagona pa nyengo. Ku Tsangano kumazizira koopsa mu Juni, ndipo palmitic ndi stearic acid zikachuluka, mafuta amaundana n'kutseka sefa ya injini. Linoleic saundana msanga, koma amasasa akakhalitsa m'chigubu. N'chifukwa chake si bwino kuthira m'chigayo mafuta osayezedwa.